A Ndevu Akusiya Mathanki

Abwana aakulu, akuluakulu a zigawo, mayi a kunyumba kwa a Ndevu ndi ana, ndi inu nonse anzanga onunkha nsomba, landirani moni.

Ine ndagwira ntchito ndi a Ndevu zaka makumi awiri m'chipinda choswetsera milamba ya m'mathanki agalasi. Dzinali si la ndevu zawo ayi. Taonani chibwanocho, chosalala ngati dzira! N'la ndevu za nsomba. Bambo awa akangoona mlamba, amawerenga ndevu, n'kuyang'ana mawanga a pamsana, basi akuuzani mtundu wake.

Koma sanabadwe akudziwa. Chaka chawo choyamba anaika milamba iwiri m'thanki imodzi kuti iswane. Anaipatsa nyongolotsi zonona. Anaiikira kamphika koikiramo mazira. Anatchinganso galasi ndi nsalu, ati, "Ikuchita manyazi." Miyezi isanu, dzira ngakhale limodzi! Tsiku lina abwana akale anasuzumira n'kuti, "Achimwene, awatu ndi amuna okhaokha." A Ndevu anakanda mutu. "Ooo, n'chifukwa chake amangomenyana."

Nanga nsomba ija yosambira chagada? Itangofika anandithamangira. "Bwerani, ikufa!" M'mawa wonse anakhalira kuitembenuza ndi supuni. Iwo kutembenuza, iyo kugadama. Masana tinapeza m'buku kuti mtundu umenewo ndi mmene umasambirira. Nsombayo inatopa, ifenso tinatopa.

Sekani, koma chaka chija matenda a timadontho toyera atalowa m'mathanki, tonse tinagwa ulesi. Tinati mtundu wathu wosowa wa milamba watha. A Ndevu anakana. Anapatula milamba isanu ndi umodzi yotsala, n'kumaisinthira madzi ndi ndowa kawiri patsiku, milungu itatu, msana ukuwawa. Inapulumuka inayi. Tiana tonse tadzaza thanki yaikulu ija ndi zidzukulu za inayi imeneyo.

Achimwene, munatiphunzitsa kuyang'anitsitsa tisanapise dzanja m'madzi. Zomwe mumadziwa simunatibisire. Zikomo kwambiri.

Mayi, amuna anu tikukubwezerani. Chenjezo ndi limodzi: mukadzaona akudzaza madzi m'bafa asanavule malaya, musadzalowemo. M'menemo muli mlamba.

A Ndevu, pitani mukapume, manjawo aumeko. Anzanga, tiyeni tiimirire, tiwaombere m'manja mpaka nsomba zidzidzimuke!