Galimoto Yosadontha Oilo

Wometa wa pamsika uja, munthu wa liuma losasimbika, anauza mutu uliwonse womwe anaumeta mwezi uno kuti Loweruka alowa mpikisano wa magalimoto othamanga m'matope, mpaka anagulitsa njinga yake yamoto kuti apeze galimoto yakale yokoka ndi matayala onse anayi. Pokasankha anatenga mlamu wake, mphunzitsi wa zoyendetsa galimoto, yemwe ukamutuma mchere amabweretsa mchere basi ngakhale apeze nyumba ikupsa.

"Alamu, imani kaye," anatero wometa pageti la wogulitsa wina. "Konse tadutsaku mwandichititsa manyazi. Iyi dzimbiri, iyo utsi, ija mabuleki. Kuno muziyankha chokhacho chomwe ndafunsa."

"Chokhacho?"

"Chokhacho. Zinazo muzimeza."

"Chabwino, alamu."

Kuseri kwa mpanda kunali chigalimoto chobiriwira, udzu utamera mozungulira matayala. Wometa anagwira pamtima.

"Mayo ine, nayi! Taonani chifuwa chakecho! Mtengo wakenso ndi wa ife amphawi. Matayala alipo angati?"

Mlamu anazungulira akuloza ndi chala. "Anayi."

"Si ndimanena ine! Talowani pansi muone ngati ikudontha oilo."

Mlamu anayala mpango wake pansi, anagona chagada, n'kukhala kumeneko mpaka wometa anayamba kugwedeza mwendo. Kenako anatuluka akusasa fumbi.

"Siikudontha."

"Ngakhale dontho?"

"Ngakhale limodzi."

"Nanga nthawi yonseyi mumayang'ana chiyani?"

"Pansi pa galimoto."

"Basi, yagulidwa imeneyi. Mwiniwake akuti pamtengo umenewu palibe zoyesa, ukatuluka nayo pageti ndi yako."

Mlamu anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Ndingafunseko kanthu?"

"Wofunsa ndine."

Dzanja lija linatsika.

Wometa analipira, analiza injini mpaka agalu onse a m'deralo anayankha, ndipo anatuluka pageti akuliza hutala popanda womuchingira njira. Pasanapite nthawi anaona dambo lomwe anthu amaumbako njerwa.

"Lero ndikuphunzitsani ndine. Inu moyo wanu wonse mumauza anthu kuti azilambalala zithaphwi. Ife amuna timalowamo! Mwamanga lamba?"

"Ndamanga."

"Mukuopa?"

"Ayi."

"Bodza!"

Wometa anakoka kagiya kakang'ono kopatsa mphamvu matayala onse anayi n'kuponda moto. Galimoto inalowa m'matope mwaukali, inayenda pang'ono, n'kukhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Matope anali kuulukira kumbuyo kokhakokha.

"Tulukani muone ngati matayala akuzungulira!"

Mlamu anavula nsapato, anapinda thalauza bwinobwino, n'kutsika.

"Akuzungulira."

"Onse?"

"Akumbuyo."

"Nanga akutsogolo akutani?"

"Akuonerera."

"Akuonerera bwanji? Giya ndakoka ine!"

"Mwakokadi. Koma chitsulo chopititsa mphamvu kutsogolo palibe. Pamalo pake pali waya womangira paipi ya utsi."

Wometa anatulutsa mutu pawindo. "Munaona zimenezo?"

"Ndinaona."

"Osanena?"

"Ndinameza."

"Iii, anthu inu! Kankhani tsono, mwaima ngati mtengo wa magetsi!"

Mlamu asanagwire n'komwe, injini inayamba gogogo, gogogo, inatsokomola kamodzi, kenako zii. Mu boneti munatuluka utsi wonunkha ngati mphika wopserera.

"Chimenecho n'chiyaninso?"

"Injini yauma."

"Yauma bwanji? Si inu munati oilo sakudontha?"

"Angadonthe bwanji mulibe?"

Wometa anatsika osavula nsapato, ndipo matope anamulandira mpaka m'mawondo. Munthu wamkulu ndithu, ndevu pepeya, misozi inalengeza.

"Mwandipha, alamu, mwandipheratu! Njinga yapita. Loweruka anthu onse ndinawameta aja akakhala pamzere kudikira ine. Ndikawauza chiyani? Ndizimeta ndani tsopano, aliyense akundisekera pagalasi?"

"Limenelo ndi funso?"

"Musandiyambe! Ndakumasulani, lavulani zonse munameza zija!"

"Chabwino. Tayala losinthira ndi la galimoto ina. Chiwongolero chimakokera kumanzere. Pansi pa mpando wanu pali chibowo choti mwana akhoza kudutsapo. Hutala ndi yabwino."

"Mphunzitsi wathunthu, wa satifiketi, mungandisiye ndigule chikhola cha nkhuku?"

"Ntchito yomwe ndinatumidwa ndaigwira, alamu."

"Ntchito yanji? Ndinakutengani kuti mundisankhire galimoto yopambana!"

"Inu munandituma kuyankha mafunso. Wondituma kusankha ndi mlongo wanga, mayi a kunyumba kwanu. Anati, 'Achimwene, chonde, bambo a ana angawa akagule galimoto yoti sangagubuduzike nayo.'"

Mlamu anagogoda boneti kawiri, mwaulemu.

"Tazungulira tauni yonse, alamu. Yoposa iyi sindinaione."