Nthambi za Basi Yabuluu

Pa siteshoni ya mabasi ku Kafue, Emelda anali atangokweza mwana wake Favour basi yabuluu ya ku Lusaka. Potembenuka anaona bambo wina wosamudziwa atakhala pabenchi, atafungatira nthambi zaziwisi, maso ali kumsewu.

"Batate, nthambi izi n'za mbuzi?"

"Iyayi, bamayo. N'zoika pamsewu, monga tichitira galimoto ikagwa, kuti obwera kumbuyo achepetse liwiro."

"Ngozi yachitika kuti?"

"Ikalibe kuchitika."

"Nanga mwathyolera chani?"

"Basi yabuluu ija yanyamuka manje manje. Woyendetsa mwamuona?"

"Wa chipewa chofiira uja? Aoneka wochangamuka."

"Mwezi watha anali kondakita. Sukulu yake ni pano, kusendeza basi pamzere madalaivala akapita kukadya. Wanyamuka foni ili kukhutu, pagalasi osayang'ana. Pamzere palibe chitunda, bamayo, palibe lole yobwera kutsogolo."

"Imwe, osalodza anthu! Mulungu aliko."

"Aliko. Na mkazi wanga anakamba choncho pokwera. Basi yawo itagwa, panalibe woika nthambi. Lole inabwera n'kuponda na amene anali akali kupuma. Manje nikaona dalaivala wotere, nimathyoleratu. Sizinafotepo m'manja mwanga."

"Favour wanga ali mmenemo! Wakhala kutsogolo!"

"Mutumireni foni, atsike pomwe afika."

"Ilira chabe. Sayankha."

"Tumani futi. Koma uku mutuma, gwirani nthambi iyi, tiyambepo kuyenda kumene yalowera basi."