Nozo ya Khoma pa Chitseko

Mayi wina anali pamzere m'sitolo ya zomangira kudzagula loko, ndipo khutu lake linakodwa ndi anthu awiri amene anali kutsogolo kwake. Bambo wa tayi ankadandaulira mkulu wina wa ovolosi yothimbirira ndi penti.

"Akulu, makina opopera pentiwa anandinamiza nawo. Penti yayenderera pa zitseko zonse ngati zikulira maliro. Apongozi akufika Loweruka!"

"Taonetsani nozo imene munaika popopera, kamlomo kotulukira penti kaja. Ha! Achimwene, iyi ndi ya khoma la mpanda. Chibowo chonsechi pa chitseko cha kuchipinda?"

"Ndinasankha yaikulu dala kuti ntchito ithe msanga."

"Yathadi msanga. Pa zitseko ndi mafelemu timaika ya kabowo kakang'ono, kuti penti izituluka ngati nkhungu. Munayamba mwayesa pa katoni?"

"Katoni adzaiona ndani?"

"Nanga magalasi ndi mahinjesi munamata mapepala?"

"Zimenezo ndi zomwe ndinathamangitsira wopenta wanga. Masiku awiri athunthu akungomata timapepala ndi kukwecha matabwa, penti osaoneka!"

"Ndiye lero mwadzagula chiyani?"

"Makina aakulu kuposa awa."

"Iyayi, gulani sandipepala, mtolo wathunthu. Mukakwecha masiku anayi: awiri a munthu munamuthamangitsa uja, awiri a nzeru zanuzo."

"Inuyo simungabwere kudzandikonzera?"

"Ine? Mungandithamangitse Lachinayi, bwana. Mnzangayo ndi wachangu, ine timapepala ndimamata masiku atatu."