Ndinathamangitsa wondipempherera

Akuwailesi, musandiseke. Ine nkhalamba ya kuno ku Leicester ndinkakhulupirira kuti Mzimu Woyera amakhala mbali ya wofuula kwambiri. Ndiye mpingo wathu wa Chipresibeteriya utayamba kukangana zodzoza ubusa amuna okondana ndi amuna anzawo, ine osagwada n'komwe ndinadzuka pamsonkhano: “Oterowo ndimawadziwira patali, kayendedwe kokha!” Anthu anawomba m'manja.

Pomwepo anaimirira mlaliki wathu woyembekezera ubusa, yemwe ankadzandipempherera m'chipatala nditagwidwa ndi sitiroko. “Bambo, mukunenawo ndine,” anatero, n'kutuluka. Sanapondenso pampingo.

Lero ndimagwada kufunsa Mulungu choona chake, koma kumwamba kuli zii, mtima ukungowawa.

Usiku wa tsiku la msonkhano lija akunyumba anangoti: “Abambo, sitiroko ikabweranso, muitane owomba m'manja aja adzakupukuteni dovu.”