Mkwatibwi Wamiyendo M'mwamba

Loweruka la sendofu ya Tumpale, phwando lomutsanzika asanapite ku ukwati, mu holo ina ya ku Uyole, malume ake a Mwakalinga, omwenso anali apampando athu a komiti, anabweza munthu wa vidiyo ponena kuti pulojekita yobwereka ija aiyendetsa okha, poti anali ataionapo kambirimbiri kumisonkhano ya aphunzitsi. Rimoti anapatsa alamu awo a Lusajo, mwamuna wa mchemwali wawo wina, munthu woti ukamuuza kuti dikirani pano umam'peza pomwepo mawa lake, ndipo atangoyatsa makinawo, pansalu yoyera panatulukira mkwatibwi wachimbuuzi, mutu pansi.

"Eya!" anatero a Mwakalinga akuwomba m'manja. "Mwana wa mlongo wanga uyo. Taonani mphuno. Ya kwathu yeniyeni."

"Miyendo ili m'mwamba, alamu."

"Ndili nawo maso. Tembenuzani."

A Lusajo anaika rimoti pansi, nakoka mpando, kukwerapo, kumasula nsalu ija pamisomali n'kuipachikanso mozondotsa. Atatsika anaima patali n'kuyang'anitsitsa.

"Wakana, alamu. Nsalu yatembenuka, iye watsala."

"Mayo ine! Ndani wanena za nsalu? Tengani rimotiyo, mundipezere menyu."

"Pilawu, nthochi zophika ndi nyama, nkhuku yokazinga. Chipisi akuti ndi cha ana okha."

"Menyu ya makina, bambo inu!"

"Nawonso adya?"

"Dinani batani lapakatilo!"

Anadina. Pamimba pa mkwatibwi panatuluka kabokosi kodzaza mawu achingerezi, nawonso ali chadodolido.

"Werengani," anatero a Mwakalinga.

"Inu ndinu aphunzitsi."

"Ndavala suti. Mukufuna azimayi akukhitchini aone wapampando atazondoka?"

A Lusajo anafulatira nsalu, kutangadza miyendo, kuwerama n'kusuzumira pakati pa maondo awo. Magalasi anatsetserekera pachipumi.

"Aa, alamu! Kuno ali bwinobwino. Waima chilili."

"Ndiye?"

"Ndiye tiuze alendo aonere chonchi."

"Apongozi ochokera ku Kyela, anthu aulemu wawo, tiwaweramitse ngati akufuna singano? Tsikani pansi pa mawuwo."

A Lusajo anagwada.

"Osati inuyo! Kamzere kachikasuko katsike!"

"Katsikire pansi pathu kapena pansi pake?"

"Pansi ndi pansi."

"Ayi, alamu. Pansi pake pali kudenga. Ndikadina chotsika kakukwera. Taonani."

"Ndiye dinani chokwera kuti katsike."

"Katsikire kuti?"

"Kumwamba!"

A Lusajo anawayang'ana kanthawi, kenako anadina mwamphamvu ndi zala ziwiri. Chithunzi chinapindika. Mutu wa mkwatibwi unafufuma n'kudzaza theka la khoma, miyendo inaonda ngati mapesi.

"Mutu wakula," anatero a Lusajo motsitsa mawu.

"Ndi wa digiri ameneyo. Kwathu timatero."

"Nanga miyendoyi ndi ya kwanunso?"

"Imeneyo ndi ya kwa bambo ake. Chepetsani."

Anadinanso, osasiya. Mkwatibwi anayamba kufota mpaka anatsala ngati sitampa pakati pa nsalu.

"Mwam'pititsa kuti mwana?"

"Munati ndichepetse. Simunanene polekezera."

"M'bwezeni! Ndipo kwada kwambiri, onjezerani kuwala."

A Lusajo anathamangira kumawindo n'kukoka makatani onse. Dzuwa linalowa, mkwatibwi anazimiririka.

"Tsopano wapita yense," anatero, makatani akadali m'manja.

"Tsekani! Tsekani msanga! Kodi mchemwali wanga anakupezani kuti inu?"

"Pa siteji ya mabasi ku Tukuyu. Kunkagwa mvula."

"Sindikufunsa!"

"Mwafunsa, alamu."

Kutali kunamveka malipenga. Anyamata a bandi anali atakwera kale pa pikapu, ndipo mahutala a galimoto za akuchimuna ankawayankha. A Mwakalinga anamasula tayi.

"Mwamva? Alendo ali pamphambano. Mayi ake a Tumpale anandiuza pamaso pa komiti yonse kuti, 'Achimwene, mukachititsa manyazi mwana wanga, musadzapondenso pakhomo panga.' Ine ndinayankha kuti makina sanayambe andigonjetsa."

"Nanga wailesi yanga ija?"

"Inali yakufa kale."

"Inkalankhula pobwera kwanu."

"Alamu, m'bwezeni mwanayo msinkhu wake, muwongole mutu, kenako musunthe. Ndikuonetsani nzeru."

A Lusajo anadinadina mpaka mkwatibwi anabwerera mmene analili poyamba, akadali chadodolido. A Mwakalinga anakwinya manja a jekete, kunyamula pulojekita ndi manja awiri n'kuigoneka chagada patebulo. Nthawi yomweyo chala cha a Lusajo, omwe anali ataweramanso pakati pa maondo, chinagwera pa batani, kamzere kali pa mawu onena za kudenga ndi patebulo. Chithunzi chinaphethira, n'kubwerera.

Mutu pansi.

A Lusajo anawongoka.

"Ameneyu ndi wamakani," anatero a Lusajo.

"Mwadina chiyani?"

"Pamene panali chala."

"Ndani anakuuzani kuti mudine?"

"Palibe anandiuza kuti ndileke."

"Lekani! Musakhudzenso kanthu. Ndikuibweza."

"Ndibwezenso ine?"

"Ayi!"

"Ndiye ndisabweze?"

"Eya!"

"Eya ndibweze, kapena eya ndisabweze?"

"Ikani rimoti pansi, manja m'mwamba!"

A Lusajo anaika rimoti pa simenti n'kukweza manja ngati agwidwa ndi apolisi. Mayi wina amene ankalowa ndi mphika wa pilawu anawaona, natembenuka mwakachetechete n'kubwerera nawo kukhitchini.

A Mwakalinga anaimika makina aja pamiyendo yake. Mkwatibwi anaima chilili, mutu kumwamba, maluwa m'manja.

"Mwaona? Mwaona? Ndinati chiyani ine? Zaka zonse zija kumisonkhano sindinkapitira tiyi yekha. Chatsala n'chimbuuzichi basi. Pukusani diso."

A Lusajo anavula magalasi.

"Diso la makina! Basi, ndipanga ndekha."

Anapotokola mkombero wa galasi pang'onopang'ono. Chifunga chinayamba kuchoka. Kunatuluka ndolo, kenako masaya onenepa, kenako dzino lagolide likunyezimira pakati pa kumwetulira. Pambali pake panaima mkwati wadazi, wandevu zaimvi, atam'gwira m'chiuno.

A Mwakalinga anayandikira nsalu. Anabwerera m'mbuyo. Anayandikiranso.

"Alamu."

"Wawa."

"Tumpale ali ndi dzino lagolide?"

"Alibe."

"Nanga mkuluyu ndani?"

"Mwamuna wake, ndikuganiza. Wam'gwira molimba mtima."

"Mwamuna wa ndani?"

"Wa mayiyu. Si Tumpale ameneyu, alamu. Ine ndinaona kalekale, nthawi imene ndinawerama ija."

"Bwanji osanena?"

"Munati ndi mphuno ya kwanu. Abale anu onse sindiwadziwa."

A Mwakalinga analoza nsalu.

"Chithunzichi chikuchokera kuti?"

"Chikuoneka ngati ku Iringa. Miyala ili kumbuyoyo..."

"Chikulowera pati m'makinamu!"

A Lusajo, dzanja limodzi likadali m'mwamba, analoza kumbuyo kwa pulojekita. Panali kafulashi kofiira kosungiramo zithunzi, koiwalidwa ndi anthu amene anabwereka makinawo sabata yatha.

"Nanga waya wa laputopu ya Tumpale? Ndinakuuzani m'mawa kuti muulowetse kumbuyo."

"Ndinaulowetsa. Uwo."

"Mbali inayo?"

"Ili m'thumba mwangamu. Simunanene kolowera."

A Mwakalinga anasolola wayawo m'thumba la alamu awo, kuubaya pa laputopu, kuzula kafulashi kaja n'kudina okha batani losankhira kochokera chithunzi. Nsalu inasanduka yobiriwira, kenako inaonetsa kabokosi kopanda kanthu, kamzere kakuphethiraphethira m'kati mwake.

"Ikufuna chiyaninso?"

"Mawu achinsinsi."

"Ndi ati?"

"Ndi achinsinsi, alamu."

"Amawadziwa ndani?"

"Tumpale."

"Muitaneni!"

"Ali m'galimoto yamaluwa, nsalu kumaso. Azakhali ake akuti salankhula ndi munthu mpaka atapereka keke kwa apongozi."

Malipenga analira pakhomo penipeni. Nthungululu zinadzaza khonde, ndipo woyendetsa mwambo anali akukuwa kale pa maikolofoni kuti alendo olemekezeka a ku Kyela alowe, akaone mbiri ya mtengwa wawo Tumpale kuyambira ali wakhanda, yokonzedwa ndi manja a malume ake enieni. Mayi ake a Tumpale anasuzumira pachitseko. Anayang'ana nsalu, nayang'ana achimwene awo.

A Mwakalinga anatola kafulashi kofiira kaja, kukabwezera pamalo pake n'kudinanso batani. Mayi wa dzino lagolide anabwerera, akumwetulira holo yonse. Mwachangu a Mwakalinga anapotokola galasi mpaka nkhope inasungunuka, mkulu wadazi uja n'kusanduka ngati mtambo. Kenako anawerama, suti ili apo, kutola rimoti pa simenti n'kuiika m'manja mwa alamu awo mwaulemu, ndi manja awiri.

"Alamu anga okondedwa, mukukumbukira pamene panali chala paja?"

"Ndikukumbukira."

"Dinaniponso. Akazondoka amafanana kwambiri ndi mwana wathu."