Soseji za Loweruka

Mvula ya ku Sheffield inkawaza mosalekeza, tramu, sitima ya mumsewu, osabwera. Mnyamata wina anausa mvulayo pa siteji, atatsamira ngolo yake ya mahotidogi yovindikira. Mayi wovala yunifolomu ya osamalira okalamba anamumva akung'ung'udza m'Chichewa.

"Achimwene, ndinu akwathu? Lerotu Loweruka, kuli mpira. Mwatsekeranji anthu ali piringupiringu chonchi?"

"Chemwali, ine ndine wa Sabata. Ngoloyi ndinagula kuti ndidzaitanitse bwenzi langa Luso kuchokera ku Mzimba."

"Ndiye chavuta n'chiyani?"

"Kuno soseji zimayenda tsiku la mpira basi. Masiku enawa amandizungulira ndi nkhunda zokhazokha. Ndiye ndinkakazinga mozemba pa Sabata. Zankhumbatu!"

"Mayo ine! Anakuonani ndani?"

"Mnzanga wa kutchalitchi anandijambula, ati zocheza. Vidiyo yafika kwa bambo ake a Luso. Andiimbira m'mawa uno anyezi ali pamoto, akuti ndisankhe, ngolo kapena mwana wawo."

"Mwasankha bwino, achimwene. Ndiye mkaziyo abwera liti?"

"Abwera pa chiyani, chemwali? Ndalama za ndege yake zinali m'soseji za Loweruka zomwezi."