Bokosi la Akulu Anga Linandipulumuka M'manja

Ndikupatsani moni Abusa ndi amai Abusa, akulu a mpingo, amai a chigwirizano kumbuyo uko, abale ndi alongo nonse, m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Ameni?

Ndikufuna kuchitira umboni. Ndakhala ndikuzengereza nthawi yaitali. Sabata lililonse ndimati lero ndiima, koma osaima. Lero ndaima. Mundipirire ngati mawu andithera pakati.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine Tembo, ndimayendetsa lole yonyamula mabuloko ku Silverest uku. Amene munandidziwa kale mukukumbukira mmene ndinalili. Ndikakhala pa benchi apo, malo a anthu awiri ndinkatha ndekha. Sekani, ndi zoona. Ntchito yanga ndi yokhala. Kuyambira m'mawa uli pampando, chakudya cha m'njira, zakumwa zozizira, ukafika kunyumba kudya, kugona. Zaka ndi zaka.

M'mimba mwa amai tinabadwa amuna awiri, akulu anga ndi ine. Akulu nawonso anali ndi thupi ngati langa. Shuga inawagwira. Kenako kachilonda pachala cha kuphazi, kachilonda basi, mpaka madokotala anadula mwendo. Tsiku limene ndinawaona atagona kuchipatala, bulangeti litaphwa mbali imodzi, ndinatuluka panja. Ndinati, Tembo, iwenso njira yako ndi yomweyi.

Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lusaka ndiye ananditengera kwa dokotala. Dokotalayo anandipima nati shuga yayamba kale, thupi liyenera kuchepa. Anandilembera jekeseni yodzibaya pamimba kamodzi pa sabata. Ndipo dokotala uja ananena, sindingamunamizire, ananena kuti, "Ba Tembo, iyi nyeleti siyenda yeka. Mufunika kusewenzesa thupi, na kudya vakudya volimbisa." Ine ndinati ndamva. Abale, sindinamve. Ndinamva za jekeseni zokha.

Jekeseni ija inagwira ntchito. Njala inangochoka ngati munthu wasamuka. Akazi anga akaika chakudya, ndinkangotsinako kawiri n'kusamba m'manja. Tsiku lina kapu ya tiyi ndi kabanzi, kwada. Lamba ndinaboola kabowo kena, kenako kena, kenako kenanso. Ndinkasangalala! Kuntchito anzanga akamatsitsa mabuloko ine ndinkakhala mu lole, ndimati ndivutikirenji, mankhwala akundigwirira ntchito.

Tsopano ndinene chimene chakhala chikunditseka pakamwa.

Atate anatisiyira munda kuseri kwa Kasisi uko, ndipo akulu ndiwo ankakhala pamenepo. Mukudziwa mmene anthu a m'tauni akufunira malo masiku ano. Ine ndinafuna kuti tigulitse mbali ina. Akulu anakana. Anati, "Mng'ono wanga, wandiona mmene ndililimu. Munda uno ndiwo udzadyetsa ana anga." Tinakangana pabwalo, akazi awo, alamu anga, akumva, oyandikana nawo akumva. Ndipo ine, ndi pakamwa panga pano, ndinati, "Kanani lero. Mukafa ndidzagulitsa."

Ndinanena zimenezo kwa munthu wa mwendo umodzi, atakhala pampando, ndodo zake zili pansi. Anangondiyang'ana. Ndinakwera lole n'kumapita.

Mvula isanagwe, akulu anamwalira. Sitinayanjane.

Ena a inu munalipo pa maliro aja, sindikunena zachilendo. Galimoto inaima kunjira chifukwa kumanda sikulowa galimoto. Tinafunika kunyamula. Ine, mng'ono wawo, ndinagwira chogwirira cha kutsogolo, kumutu. Tinali amuna asanu ndi mmodzi. Abale, ine ndine munthu amene kale ndinkakweza thumba la simenti paphewa osapuma. Koma titayenda pang'ono, ndinamva dzanja likuzizira. Ndinati limba. Ndinaluma mano. Limba, Tembo, ndi akulu ako awa. Zala zinangotseguka zokha.

Bokosi linapendekeka, ngodya yanga n'kumenya pansi. Gu! Ndipo m'katimo ndinamva thupi likusuntha, mutu n'kugunda thabwa.

Nyimbo inaduka. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Akana! Akana kunyamulidwa na uyo!" Wina anati, "Amusonta, amuloza chala." Mnzanga wina anandikankhira pambali n'kugwira pamalo panga. Ndinaima pa udzu, dzanja lili lende. Palibe anandiyang'ana kumaso. Anthu onse aja anali atamva mawu anga a pabwalo paja.

Kuchokera tsiku limenelo, phokoso lija linakhala mwa ine. Dzuwa likuswa mtengo, buloko likagwa pa lole, gu, ine ndaona bokosi. Munthu akatseka chitseko cha minibasi pa boma, gu, ndamva mutu wa akulu ukugunda thabwa. Ngakhale muno m'tchalitchi, ng'oma ikalira, ndinkagwira benchi. Ndinkakhala pakati panu, koma ndinali kumanda.

Ndipo thupi linapitiriza kutha. Mikono inakhala ngati ya nkhalamba, khungu likulendewera. Kudzuka pampando mpaka nditsamire tebulo. Kukwera mu lole yanga yomwe, mpaka ndidzikoke kawiri. Tsiku lina akazi anga anandipempha kuti ndilowetse chigubu cha madzi m'nyumba. Ndinachigwira, sichinasunthe. Iwo anabwera, anachinyamula ndi dzanja limodzi.

Kumsika anthu ankanong'ona. Ena amati ndi matenda aja. Ndinakapimitsa, sanapeze kanthu. Mwina mukuganiza kuti ndinasangalala? Ayi. Ndinaopa kuposa kale. Ndinati ngati si matenda, ndiye kuti ndi akulu. Akundikoka. Ndinawafunira imfa, tsopano akunditenga pang'onopang'ono, kuyambira ndi dzanja lomwe linawagwetsa. Ine mkhristu wobatizidwa, Abusa, ndinakhulupirira zimenezo. Ndikapemphera, mawu ankathera m'kamwa. Ndinasiya ngakhale kudya pang'ono paja. Ndimati munthu woitanidwa adyerenji.

Jekeseni yokha sindinasiye, poopa mwendo. Kuchipatala ankandiitana kuti akandione, ine osapita. Mwana wanga akatumiza mankhwala, ndimangobaya.

Mulungu adalitse akazi anga, ali apo avala chitenje chobiriwira. M'mawa wina anandiimirira pakhomo nati, "Bambo, lero simupita kuntchito. Ngati ndi akulu anu akukuitanani, tikamve kwa dokotala kuti akukuitanani. Ine sindikhala wamasiye chifukwa cha mphekesera za kumsika."

Tinakwera minibasi. Dokotala atandiona anagwira pakamwa. Anandifunsa zimene ndimadya, ndinamuuza. Anandifunsa ngati ndimagwiritsa ntchito thupi, ndinaweramitsa mutu. Ananditumiza kuchipinda china, kwa mayi wina amene amaphunzitsa odwala kuyenda ndi kulimbitsa ziwalo. Mayi wamfupi, wosaseka. Anaika mpando pakati nati, "Nkhalani. Manje imani, manja pa chifuwa, osagwira kanthu." Ndinayesa. Ndinayesanso. Kachitatu ndinaima, miyendo ikunjenjemera. Anati ndifinye dzanja lake. Ndinafinya ndi mphamvu zanga zonse. Anati, "Yambani kufinya."

Pamenepo ndinalira, abale. Bambo wamkulu, pamaso pa munthu wachilendo. Ndinamuuza zonse, za munda, za mawu anga, za bokosi. Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Ba Tembo, va imwe na akulu banu nivisiyila Mulungu. Koma va kwanja iyi niziba. Thupi ikachepa mwamsanga, sivichoka mafuta yeka, na minofu ichoka. Imwe simudya, simunyamula kanthu. Thupi iona kuti minofu ilibe nchito, iyamba kuidya. Sikuti muntu wakufa anakukanani. Munalibe mphamvu chabe."

Ndinafuna kumukhulupirira. Theka la mtima linavomera, theka linati mayiyu sanamve mmene bokosi linalirira.

Dokotala anachepetsa mlingo wa jekeseni, nati ndisasiye ndekha, ndipo ndizibwera akandiitana. Anati ngakhale njala palibe, ndizidya pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndiyambire ndiwo: mazira, nyemba, kapenta, nsawa, mkaka. Mayi uja anandionetsa zochita, zinthu zochititsa manyazi kuchepa kwake. Kukhala ndi kuima pampando. Kukankha khoma ndi manja. Kunyamula mabotolo a madzi, kukweza, kutsitsa.

Ndinayamba. Kuseri kwa nyumba, m'mawa ndisanapite kuntchito, kuti anthu asandione. Masabata oyamba thupi lonse linkawawa, ndipo ndinkati mwaona, sizithandiza. Akazi anga ankaima pambali n'kumawerenga mokweza, ndikafuna kuba amati, "Bwerezani, imeneyo sindinaione." Dzira ndinkalimeza ngati mankhwala. Mabotolo anasanduka tizigubu ting'onoting'ono. Tizigubu tinasanduka chigubu chija chinandikana, choyamba theka, kenako chodzaza. Kuntchito ndinayamba kutsika mu lole n'kumathandiza kutsitsa mabuloko, limodzi limodzi. Sizinachitike tsiku limodzi, abale. Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinakula, chinauma, ine ndikadali ndi mpando wanga kuseri kwa nyumba.

Mphamvu zinayamba kubwerera. Koma phokoso lija silinachoke. Ndinazindikira kuti mayi uja ananena zoona za dzanja, koma za pakamwa panga panalibe chigubu chimene chikanandichiritsa.

Nthawi yokolola ndinamva kuti chimanga cha alamu anga chikadali kumunda, chiswe chayamba, palibe wowatutira. Chiikireni maliro ndinali ndisanapondeko. Loweruka lina ndinabwereka wilibala n'kupita. Ndinaodira. Anali atakhala pakhonde, anangotembenuza nkhope. Ndinalowa m'munda, ndinayamba kututa. Tsiku lonse. Madzulo ndinatsazika, sanayankhe. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi.

Loweruka lachitatu, masana, ndinaona akubwera m'munda ndi kapu ya munkoyo, chakumwa chathu chija chonga thobwa. Anandipatsa. Anaima n'kumayang'ana mikono yanga. Zimene ananena andilola kuti ndinene pano.

Anati, "Alamu, tsiku lija ine ninaona. Nenze kumbuyo kwanu. Kwanja yanu inayamba kunjenjema mukalibe kuchoka pa motoka. Ninafuna kukamba kuti wina akulandileni. Koma mtima unali ubaba. Ninati musiyeni, aone." Kenako anati, "Amuna banga banagwa pansi chifukwa ine ninakhala zii. Naine lija phokoso nimalimvela. Nikaika poto pansi, nalimvela."

Abale inu. Miyezi yonse ija ine ndimaganiza kuti ndili ndekha m'manda muja. Osadziwa kuti mayi wamasiye uyu, tsidya lina, akumva phokoso lomwelo.

Ndinagwada pa mapesi pomwepo. Ndinati, "Alamu, amene ndinawalakwira sangandiyankhenso. Mwatsala ndinu. Mawu aja ndinalankhula ndi oipa, ndikhululukireni. Munda uno sudzagulitsidwa, ngakhale phazi limodzi. Ndi wanu ndi ana." Iwo anati, "Imani alamu, naimwe munikhululukile." Tinalira awiri m'munda muja mpaka munkoyo unatayika. Madzulo ake ndinaitana oyandikana nawo omwe aja anamva mawu oyamba, kuti amvenso achiwiri.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Akulu anga anapita ndisanawapepese, ndipo chimenecho ndidzapita nacho. Phokoso lija limabwerabe nthawi zina. Dzana lomweli buloko linagwa kuntchito, ndinaima kaye. Koma tsopano likabwera sindithawa. Ndimati, Ambuye, mukudziwa, ndipo mwakhululuka. Kenako ndimawerama n'kutola bulokolo.

Jekeseni ndikubayabe monga anenera dokotala. Shuga yatsika, miyendo yanga yonse iwiri ndi iyi. Mpando wanga uli kuseri kwa nyumba, ndipo mawa m'mawa mudzandipeza pomwepo. Mbale wanga, mlongo wanga, ngati uli pa mankhwala otere, usachite ngati Tembo. Imva mawu onse a dokotala, osati theka. Idya, nyamula, yenda. Ndipo ngati uli ndi mawu oipa amene unamuponyera m'bale wako, pita lero, akadali ndi makutu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pamene ndinadzitaya ndekha. Ndikuthokoza akazi anga, ndi mwana wanga, ndi inu Abusa amene munabwera kunyumba kawiri ine n'kubisala kuchipinda. Munadziwa kuti ndilimo, koma munapemphera pakhomo n'kupita.

Ndipo pali munthu wina. Sapemphera kuno, koma lero wayenda kuchokera ku Kasisi kuti adzamve ndikunena zimenezi. Alamu, imani pang'ono akuoneni. Musachite manyazi, imani.

Ndi amenewo, abale. Amai a chigwirizano, nthungululu zili kuti? Kwaya, tithandizeni, ine mawu andithera. Imirirani nonse, kondwerani nafe, pakuti Yehova watichitira chifundo, ine ndi nyumba ya akulu anga. Aleluya! Ameni.